Chifukwa chake Ajeremani sanazindikire kuti Enigma ikuwerengedwa

Achimwene, mwafunsa kuti ngati Angerezi ankawerenga mauthenga achinsinsi a Enigma, makina amene Ajeremani ankabisira mauthenga pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, bwanji Ajeremani sanazindikire. Anakayikirapo ndithu. Karl Dönitz, mkulu wa sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja, analamula kuti nkhaniyi ifufuzidwe, koma akatswiri ake ankabwerera ndi yankho lomwelo: makinawo ngosatheka kuwathyola, vuto ndi akazitape kapena radar, chipangizo chodziwira sitima ndi ndege zili patali.

Angerezi nawonso anali ochenjera. Uthenga ukawerengedwa ku Bletchley Park, likulu lawo lothyolera mauthenga achinsinsi, sankathamangira kuchitapo kanthu. M'nyanja ya Mediterranean, akadziwa njira ya sitima zonyamula katundu wa Rommel, mkulu wa asilikali a Germany kumpoto kwa Africa, ankayamba atumiza ndege yoyendera kuti adaniwo aione, aganize kuti yawapeza mwamwayi, kenako n'kumenya. Poyamba, powapereka kwa akuluakulu a nkhondo a kwawo, mauthengawa ankawanamizira kuti achokera kwa kazitape wina dzina lake Boniface, munthu amene kunalibe.

Chofooka chenicheni chinali m'makinamo: chilembo sichinkatha kusanduka icho chomwe. Onjezaninso malipoti a nyengo omwe ankatumizidwa pa wailesi tsiku ndi tsiku m'mawu ofanana, ndiye Alan Turing, katswiri wa masamu ku Bletchley, ndi anzake anali ndi poyambira. Tisaiwale kuti Marian Rejewski wa ku Poland anali atathyola kale Enigma mu 1932.

Mu February 1942 sitima zapansi pa nyanja za Ajeremani zinayamba kugwiritsa ntchito Enigma ya magudumu anayi osinthira zilembo m'malo mwa atatu, ndipo Bletchley inakhala mumdima mpaka December, Angerezi atapeza mabuku achinsinsi m'sitima ya Ajeremani ya U-559. Anthu ambiri anayamba kumva za chinsinsichi mu 1974.