Phazi lakumbuyo la woponya baseball: lizikhwekhwereza pansi kapena ayi?

Aphunzitsi ena a cha ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, andilembera imelo. Amaphunzitsa anyamata baseball akaweruka, ndipo woponya wawo wina wa dzanja lamanja amakhwekhwereza phazi lakumbuyo mpaka nsapato yabooka kuchala. Akufunsa kuti amuletse kapena amusiye.

Aphunzitsi, musiyeni. Ndikuganiza kuti diso lanu linazolowera mpira wa ntchemberembaye, kumene munthu akakoka phazi lomwe watera nalo wezulo imalira pomwepo. Ku baseball lamulo limangofuna kuti poyamba kuponya, phazi lakumbuyo likhale litagunda kalabala koyera kokwiriridwa pansi pamalo oponyera, komwe kwa akuluakulu kamakhala mamita 18.44 kuchokera pa home plate, pamene pamaima womenya mpira, ndipo kwa ana a mu ligi ya ana yotchedwa Little League pafupifupi mamita 14. Choletsedwa n'kudumpha, kukapondanso kutsogolo, kenaka n'kuponya. Bungwe la MLB, loyendetsa ligi yaikulu ya baseball ku America, linachita kulemba zimenezi momveka bwino mu 2017 chifukwa cha woponya wina, Carter Capps, amene ankajowera kutsogolo mpira ukadali m'manja, n'kudzifupikitsira mtunda.

Tsono muyang'anitsitseni mnyamatayo mutaima cham'mbali. Akanyamula mwendo wakutsogolo, thupi lonse limatsamira pa phazi lakumbuyo, lomwe limakhala litaponda lonse pansi, chopingasa motsatira labala. Chiuno ndicho chimayamba ulendo wopita kwa wowakha mpira, amene amakhala kumbuyo kwa home plate. Phazi lakutsogolo likatsala pang'ono kutera, chiuno chimatembenuka, bondo lakumbuyo limalowa mkati, chidendene chimadzuka, phazi n'kugudubuka mpaka zingwe za nsapato kuyang'ana pansi. Apa m'pamene chala chimalemba mzere m'fumbi. Mpira ukachoka m'manja, mwendo umanyamuka wokha.

Phazilo silidzikoka lokha, likukokedwa ndi chiuno. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi alangizi amene amangokuwa kuti “kankha labala!” kapena “koka phazi!” Mwana akamva choncho maganizo onse amathera kuphazi, mapewa amatseguka msanga, ndipo ntchito yonse imatsalira mkono. Chigongono chimayamba kudandaula.

Ngati mulibe foni yojambulira kanema, tsache likukwanirani. Sesani malowo, aponye kangapo, muwerame muone mizere. Ikamagwera pamodzimodzi, yolunjika kwa wowakha kapena yokhota pang'ono, zinthu zili bwino. Ikamwazikana, uwu uku uwu uko, ndiye kuti kutera kwa phazi lakutsogolo kukusinthasintha, ndipo vuto mukalifune kumeneko. Pakasowa mzere n'komwe, kawirikawiri chidendene chadzuka nthawi isanakwane ndipo phazi lauluka mpira usanatuluke.  Palinso wina amene amakumba ngalande yakuya, yaitali. Ameneyo phazi likumugwira, chiuno chikulephera kumaliza kutembenuka.

Oponya otchuka nawonso safanana. Tom Seaver wa timu ya New York Mets, amene anapambana masewero 311 m'moyo wake wonse wa mu MLB, ankatsika pansi kwambiri moti bondo lake lamanja linkatuwa ndi dothi. Ena amaima njo, kamzere kawo kafupi. Musamupange mwana wa Sitandade 7 kukhala Seaver, miyendo yake sinakhwime.

Za nsapato, pitani nayo kwa osoka nsapato pamsika asokerepo kachikopa kuchala. Nsapato zina za oponya zogula kusitolo zimabwera ndi chotchingira pamalo omwewo.

Chimene chingamusokoneze msanga mnyamatayo ndi bwalo. M'mwezi wa October dothi limasanduka fumbi lokhalokha, ndipo kutsogolo kwa labala, kapena thabwa ngati ndi limene munakwirira, kumakumbika dzenje. Phazi likalowa m'menemo limapendekeka, chidendene chimadzuka chisanafune. Tengani dothi la pachulu, muwaze madzi, musinje ndi chipika mpaka lilimbe, ndipo muzitero musanayambe masewero alionse. Pamene pamatera phazi lakutsogolo muzikwiriranso chimodzimodzi.