Za shellac wa pa maswiti uja

Achimwene, mwafunsa kuti shellac wolembedwa pa paketi ya maswiti n'chiyani, komanso ngati n'zoona kuti ena amachita kumulima. N'zoona, kungoti ulimi wake ndi woweta tizilombo.

Kachilomboko ndi Kerria lacca, kochepa ngati nsabwe. Kamamatirira pa nthambi yanthete n'kumayamwa madzi a mtengo, uku kakudzikuta ndi utomoni wofiirira wotchedwa lac, womwe amapangira shellac. Ku India wambiri amachokera ku Jharkhand, m'maboma ngati Ranchi ndi Khunti, kwa anthu a mitundu ya Munda ndi Oraon. Mitengo yowetapo tizilomboti ndi palas, kusum ndi ber. Ber ameneyu ndi masau omwewa timadya ku Chikwawa, musadabwe.

Mlimi amayamba wadulira mtengo kuti uphukire. Kenako amamangirira timitolo ta nthambi zokhala ndi tizilombo tatikazi toti tiswa posachedwa. Timitoloti ndiye mbewu yake. Tiana tikatuluka timamwazikira pa mphukira zija, ndipo pakapita miyezi inayi mpaka isanu ndi itatu, malinga ndi mtundu ndi nyengo, amadula nthambizo n'kupala utomoni ndi mpeni, banja lonse litakhala pakhonde.

Pamene pavuta ndi pa mbewu ija. Siisungika m'nkhokwe ngati chimanga, ndi yamoyo, imafunika kumangidwa pamtengo m'masiku ochepa. Dzuwa likanyanya kapena mphutsi za njenjete zikalowa, mudzi wonse umatsala manja lende, n'kukagula mbewu kutali mokwera mtengo, mwinanso pangongole.

Akakolola amapita nazo ku haat, msika wa pa sabata, kumene venda amadikira ndi sikelo yake. Nayonso lac yongopala sifuna kusungidwa nthawi yaitali pamalo otentha chifukwa imaundana, ndiye mlimi alibe mphamvu zokanira mtengo. Phindu lenileni lili kwa otsuka ndi kusungunula kuti akhale shellac wopaka mipando, zipatso ndi mapiritsi, ndipo mtengo umatsatira misika yakunja. Ukagwa, alimi amazisiya, chaka chinacho mbewu n'kusowa, mtengo n'kukwera pamene iwo alibe chogulitsa.

Malo ofufuza za lac alipo ku Namkum, pafupi ndi Ranchi, kuyambira 1924, ndipo boma linaika mtengo woyambira kudzera ku TRIFED, bungwe la boma lothandiza mitundu ya anthu ngati amenewa pa malonda. Koma ine ndikuona kuti mtengo wa papepala suthandiza munthu amene akufuna ndalama ya mchere lero, pamene wafika pamsikapo ndi ndalama m'manja ndi venda yekha.