DIRE ili m'manja, kodi pasipoti n'kuisiya kunyumba?

Mayi wina wa ku Ntcheu amene anakwatiwa ku Ulongwe wa ku Angónia, muno mu Mozambique, wandilembera kuti: “Ndili ndi DIRE, koma pasipoti yanga ya Malawi inatha. Mwezi wamawa kwathu kuli chinkhoswe. Kodi pa Calómuè adzandilola kudutsa ndi DIRE yokha?”

Ayi, mayi, sadzakulolani. DIRE ndi khadi limene a Migração, ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, omwe masiku ano timawatchula kuti SENAMI, amapatsa mlendo posonyeza kuti waloledwa kukhala muno mu Mozambique. Ntchito yake imathera pomwepo. Pachipata, kaya ndi pa Calómuè polowera ku Dedza, pa Zóbuè polowera ku Mwanza, kapena pa Cuchamano popita ku Zimbabwe, ofesala amafuna buku loti adindemo. Khadi alidinda pati? Tengani zonse ziwiri: pasipoti yoti adinde, DIRE yoti pobwera asakuyeseni mlendo wongocheza masiku 30.

Ndiye yambani ndi pasipotiyo, musadikire kuti chinkhoswe chifike pakhomo. Mumzinda wa Tete muli ofesi ya kazembe wa Malawi. Pitani ndi pasipoti yakuthayo akakuuzeni chochita kuti muyende mwalamulo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Ndikudziwa kuti abale akuuzani kale kuti, “Mukuvutikiranji? Kwerani kabaza, mutulukira pa Lizulu.” Inde, kumeneko malire ndi msewu chabe, tomato wa tsidya lino amagulitsidwa tsidya linalo tsiku ndi tsiku, ndipo anthu a mbali zonse ndi amodzi. Koma inu muli m'kaundula wa alendo. Mukatuluka popanda chidindo, n'kudwalira komweko kapena kukumana ndi apolisi pobwerera, mudzafotokoza bwanji? Chilolezo munachipeza movutikira, ndalama zinapita zambiri. Musachiike pachiswe chifukwa chopewa mzere wa pachipata.

Yang'ananinso tsiku limene DIRE yanuyo ikutha, isathere kumudzi. Ngati yayandikira, kaikonzetseni musananyamuke, ndipo recibo (lisiti) imene akupatseniyo muisunge pamodzi ndi pasipoti m'kapepala kapulasitiki, osati m'chikwama cha zovala chimene amachiponya pamwamba pa chapa (minibasi). Mukaona kuti kumudziko mukhalitsa miyezi, adziwitseni a Migração mwa kalata musanachoke, chifukwa kusowa nthawi yaitali osanena kungakuthetsereni chilolezo.

Ngati mukutenga ana, musaiwale makalata awo a kubadwa ndi kalata ya bambo awo yovomereza ulendowo.