Boma liziwonongeranji ndalama pa sukulu za mkaka pomwe ana amangosewera?

Bambo wina wanditumizira imelo ndipo ndaona kuti ndiyankhe pano pomwe, chifukwa funso lawo ambiri ali nalo kungoti safunsa. Mwachidule akuti kumene amakhala kwabuka mkangano woti boma liyambe kulipirira sukulu za mkaka kwa mwana aliyense wa zaka 3 mpaka 5, komanso kuti aphunzitsi a sukuluzi azilandira salare ya boma. Iwo sakuona phindu lake. Akuti ana a msinkhu umenewu amangoyimba, kujambula ndi kugona masana, nde ndalamazo bwanji osangozipititsa ku pulayimale komwe mavuto ndi ambiri kale? Afunsanso kuti munthu wongoyang'anira ana akusewera angalandire bwanji ndalama zofanana ndi mphunzitsi wa pulayimale.

Bambo, zikomo chifukwa cholemba. Ine ndili kumbali yoti boma lilipire, koma nkhani yonse yagona pa funso lanu lachiwirilo. Boma likatsegula makalasi ambirimbiri nkusiya aphunzitsi akulandira tindalama tosakwana ndi sopo yemwe, mantha anuwo adzakhala oona, ndalama zidzalowa m'madzi ndithu.

Tiyambe ndi kuseweraku. Tangoimani pakhomo la kalasi ya ana a zaka 4 kwa mphindi khumi zokha muone. Ana awiri akulimbirana chidole chimodzi, wina wayamba kale kukweza dzanja kuti amenye mnzake. Mphunzitsi wodziwa ntchito sakuwa ali chiimire patali ayi, amagwada kuti maso ake alingane ndi a anawo, amafunsa wolirayo kuti wakwiya chifukwa chiyani, amamupatsa mawu oti anene m'malo momenya, kenako agwirizana kuti wina agwire kaye mpaka tiwerenge kufika teni. Pakanthawi kochepa komweko mwana waphunzira kudikira, kutchula zimene zili mumtima mwake, kumvera mnzake, ndiponso wawerenga manambala osadziwa nkomwe kuti akuphunzira masamu. Mwana amene sanazolowere zimenezi akafika pulayimale amavutika kukhala pansi nkumvetsera, ndipo mphunzitsi wa kumeneko amathera nthawi yambiri kukhazikitsa bata m'malo mophunzitsa. Nde mukamati ndalama zipite ku pulayimale, dziwani kuti ena mwa mavuto a ku pulayimalewo, monga kubwereza kalasi yoyamba ndi kulephera kuwerenga, amayambira kumbuyo kuno. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Umboni ulipo, ndipo wotchuka kwambiri ndi wa Perry Preschool mumzinda wa Ypsilanti ku Michigan, America. Kuyambira 1962 ochita kafukufuku anatenga ana 123 ochokera m'mabanja osauka, 58 anawaika pa sukulu ya mkaka, otsalawo ayi, ndipo anawatsatira mpaka atakula kupitirira zaka 40. Chodabwitsa nchakuti nzeru zoyezedwa pa mayeso zinakwera poyamba koma patapita zaka zochepa kusiyana kuja kunazimiririka, moti wina akanatha kunena kuti zalephereka basi. Koma atakula kunapezeka kuti amene anapita ku sukulu ija ambiri anamaliza sekondale, ankapeza ndalama zochulukirapo, ndipo sankamangidwa kawirikawiri ngati anzawo aja. James Heckman, katswiri wa zachuma amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anawerengetsa kuti ndalama zimene zinalowa pamenepa zinkabweza phindu la pakati pa 7 ndi 10 peresenti chaka chilichonse. Mumzinda wa Boston ku America komweko, kafukufuku wa mu 2021 wotsatira ana amene analowa sukulu za mkaka za boma kudzera pa maere anapeza zofananako, magiredi a mayeso sanasinthe kwenikweni koma ambiri anamaliza sekondale nkulowa koleji.

Koma anthu akamatchula Perry amaiwala kunena kuti kalasi yake inali yotani. Aphunzitsi anali ndi madigiri ndi ziphaso za uphunzitsi, mphunzitsi mmodzi ankasamala ana 5 kapena 6 okha, ndipo sabata iliyonse ankapita kunyumba kwa mwana kukakhala ndi mayi ake kwa ola limodzi ndi theka. Andale amakonda kutenga zotsatira za Perry nkuzimata pa pulogalamu yawo ya mphunzitsi mmodzi ndi ana 50 m'chipinda chopanda buku ngakhale limodzi, zimenezo nzonamiza anthu ndipo zimandikwiyitsa.

Ndipo pali umboni wina umene uli kumbali yanu bambo, sindingaubise. Ku Tennessee, chigawo china cha America, akatswiri a pa yunivesite ya Vanderbilt anatsatira ana pafupifupi 3,000, ena analowa sukulu za mkaka za boma ena sanapeze malo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2022 zinaonetsa kuti pofika giredi 6, ana amene analowa aja ankakhoza mochepera pa mayeso ndipo ankapezeka ndi milandu yambiri ya khalidwe kusukulu kuposa anzawo. Akatswiri mpaka pano amatsutsanabe kuti chinalakwika nchiyani, koma chimodzi chimene chimatchulidwa kwambiri nchakuti makalasi ambiri ankayendetsedwa ngati pulayimale yaing'ono, ana kukhala phee kumvetsera, kuloweza zilembo, kuima pamzere nthawi yaitali, kusewera pang'ono. Mukuonatu, kusewera kumene inu mukukuona ngati kutaya nthawi nkumene kunkasowa. Ku Quebec ku Canada nako, mu 1997 anatsitsa mtengo wa malo osamalira ana kufika madola 5 patsiku, azimayi ambiri analowa ntchito zomwe zinali zabwino kwambiri, koma malowa anachuluka mothamanga kuposa antchito ophunzitsidwa ndipo kafukufuku wina anapeza kuti ana ena khalidwe lawo linasokonekera.

Nde funso loti mphunzitsiyu alandire zingati. Chimene chimaphunzitsa mwana wa zaka 3 ndi munthu wamkulu amene amamuyankha akalankhula, amamufunsa mafunso, amadziwa kuti lero wabwera wosasangalala. Penti wokongola pakhoma ndi zidole zodula sizingachite zimenezo. Ndipo mwana wamng'ono amaphunzira kwa munthu amene wamuzolowera nkumukhulupirira. Tsono malipiro akakhala ochepa chimachitika nchiyani? Amene waidziwa bwino ntchito akangopeza mpata ku pulayimale kapena olo mu shopu amachoka, kubwera wina watsopano, asanathe nkomwe kuloweza mayina a ana nayenso wachoka, mwana mmodzi kusinthiridwa aphunzitsi kangapo chaka chisanathe, ndipo ndalama zonse zimene boma linawononga pomuphunzitsa woyamba uja zapita naye limodzi. M'mayiko ambiri, olemera omwe, anthu ogwira ntchito imeneyi pafupifupi onse ndi azimayi ndipo ali m'gulu la olandira ndalama zochepetsetsa. Anthu amaganiza kuti poti mzimayi amalera ana kunyumba kwaulere ndiye kuti ntchitoyi siifuna luso. Koma kulera ana ako awiri nkosiyana kutalitali ndi kuyendetsa ana 20 a eni, kuzindikira amene sakumva bwino m'makutu kapena amene kulankhula kwachedwa, nkudziwa mmene ungawauzire makolo ake mosawakhumudwitsa.

Makolo paokha sangathe kukweza malipirowa, apa mpamene boma limafunikira. Ana aang'ono amafuna akuluakulu ambiri pa kagulu kochepa, choncho mbali yaikulu ya ndalama zoyendetsera sukulu ya mkaka imapita ku malipiro. Mwini sukulu akafuna kulipira bwino ayenera kukweza fizi, akakweza fizi makolo osauka amachotsa ana, nde zimathera poti fizi ndi yolemera kwa kholo koma salare ndi yopepuka kwa mphunzitsi, onse akulira. Ana amene amatsala kunja ndi omwewo amene kafukufuku amasonyeza kuti akanapindula kwambiri.

Ena anachita kale ndipo zikuyenda. Oklahoma, chigawo cha ku America, mu 1998 inatsegula sukulu ya mkaka yaulere kwa ana a zaka 4, nkulamula kuti mphunzitsi akhale ndi digiri ndi chiphaso cha maphunziro a ana aang'ono, alandire mofanana ndi aphunzitsi ena a boma, ndipo kalasi isapitirire ana 20 ndi akuluakulu awiri. Ku France aphunzitsi a ana a zaka 3 ali m'gulu limodzi ndi a pulayimale, maphunziro amodzi malipiro amodzi, ndipo kuyambira 2019 lamulo limati mwana ayambe kuphunzira ali ndi zaka 3.

Mwina munena kuti amenewo ndi olemera. Zoona, koma taonani za ku Jamaica. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ku Kingston, ogwira ntchito zaumoyo a m'madera, anthu opanda madigiri koma ophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa, ankayendera ana opinimbira kunyumba kwawo sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, kuonetsa azimayi mmene angasewerere ndi kulankhula ndi ana pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 ana aja ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi pafupifupi 25 peresenti. Ine ndimatengapo zoti digiri payokha si mankhwala, chofunika ndi munthu wophunzitsidwa, amene wina amabwera kudzamuona akugwira ntchito nkumuthandiza, ndipo akukhalitsa. Ku Mozambique m'chigawo cha Gaza, sukulu za mkaka za kumidzi zimene bungwe la Save the Children linayambitsa zinathandiza ana ambiri kulowa pulayimale, ndipo panapezekanso kuti osamalira ana kunyumba anapeza mpata wogwira ntchito, komanso azikulu awo a anawo anayamba kupita kusukulu kwambiri poti sankatsaliranso kunyumba kulera mng'ono wawo. Phindu limeneli anthu saliwerengera kawirikawiri.

Za bajeti ndingodutsapo mwachangu. Mayiko atakumana ku Tashkent, m'dziko la Uzbekistan, mu 2022 pamsonkhano wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, anagwirizana zoyesetsa kuti 10 peresenti ya ndalama za maphunziro izipita ku maphunziro a ana asanayambe pulayimale, komanso kuti pakhale chaka chimodzi chaulere. Ambiri akadali kutali ndi mlingo umenewu. Ndipo sindikunena kuti alande ndalama za pulayimale ayi, mwana wochoka ku sukulu ya mkaka yabwino nkukagwera m'kalasi yodzaza mopanda mabuku amataya zambiri zimene anapeza, ziwirizi ziyendere limodzi.

Nde bambo, mukapita ku msonkhano umene akukambirana nkhaniyi, musangofunsa kuti amanga makalasi angati. Afunseni kuti mphunzitsi mmodzi azisamala ana angati, azilandira zingati poyerekeza ndi wa pulayimale, penshoni ndi tchuthi cha matenda zilipo kapena ayi, ndipo ndani azibwera kudzamuthandiza m'kalasi akamaliza kosi yake. Ngati ndalama sizikukwana ana onse nthawi imodzi, ine ndingakonde ayambe ndi madera osauka kwambiri ndi chaka chimodzi chokha chisanafike pulayimale, achichite bwino, kenako azikulitsa pang'onopang'ono, kusiyana nkulengeza kuti mwana aliyense wapeza malo pomwe malowo ndi ongosungirako ana.

Mufunsenso za azimayi amene akugwira kale ntchitoyi, ena zaka zambirimbiri mongodzipereka kapena kulandira kangachepe. Boma likangobwera ndi lamulo loti aliyense akhale ndi digiri pofika chaka chamawa, amenewa ndi amene ayambe kuchotsedwa, chonsecho ndi omwe amawadziwa ana ndi makolo awo komanso chilankhulo cha kunyumba kwa anawo. Apatsidwe nthawi yokwanira, maphunziro olipiriridwa ndi boma oti azichita akugwirabe ntchito, zaka zimene agwira kale ziwerengedwe, ndipo salare izikwera akamamaliza gawo lililonse la maphunzirowo.