Funsani Dokotala: Dzuwa likundithera mphamvu panjinga, ndigule mankhwala anji?

Adokotala,

Ndine bambo wa zaka 36, ndimapalasa kabaza kuno ku Nchalo. Ndimanyamula anthu, nthawi zina matumba a makala ndi chimanga. Chiyambireni kutentha kuno mutu sukundisiya. Ndikatsika panjinga ndimamva chizungulire mpaka m'maso kuda bii, usiku minofu ya m'miyendo imakokana. Mkodzo ukutuluka wochepa komanso wofiirira. Ndamwa LA wogula kugolosale kawiri koma palibe chasintha, ndiye pano ndikumwa Brufen m'mawa ndi madzulo kuti ndizitha kugwira ntchito. Madzi ndimawapewa masana chifukwa akuluakulu pasiteji amati ukamwa madzi thukuta lili kutuluka umadwala chibayo, komanso miyendo imalemera. Sabata yatha mnzathu wina anagwa panjinga masana n'kuyamba kuyankhula zosamveka, ena akuti anamulodza. Ndili ndi ana anayi, njingayi ndi yangongole. Chonde ndiuzeni mankhwala opatsa mphamvu oti ndigule.

Wakabaza, Nchalo

Achimwene,

Mwandipempha dzina la mankhwala, koma chandigwira mtima m'kalata yanu ndi ana anayiwo, njinga yangongoleyo, ndi mnzanu amene munamuona akugwa. Ndikuona kuti mukuopa kuti mawa wogwa mukhala inuyo, kapena kuti thupi layamba kukana ntchito ana akadali aang'ono. Mtima m'malo. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi thupi limene latha madzi ndi mchere chifukwa cha ntchito yolemetsa padzuwa, ndipo vuto limeneli limatha munthu akalithamangira msanga. Komabe sindikubisirani, mkodzo wochepa wofiirirawo pamodzi ndi Brufen wa tsiku ndi tsikuyo zandidetsa nkhawa, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna mawa mukaonekere kuchipatala musanakwere njinga.

Kuchigwa cha Shire kwanuko, mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, kutentha kumadutsa madigiri 40. A zanyengo akamalengeza nambala imeneyi amakhala ayeza pamthunzi. Inu mumakhala pamtetete, phula la msewu wa M1 likukuwambani kuchokera pansi, kumbuyo muli munthu kapena thumba la makilogalamu 50. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37, ndipo minofu ikamapalasa imatulutsanso kutentha kwake kwambiri m'kati. Njira yaikulu imene thupi lili nayo yochotsera kutentha konseku ndi thukuta. Mukudziwa mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi: umachucha pang'onopang'ono kunja, chinyonthocho chikamauma madzi a m'kati amazizira. Khungu lanu limachita chimodzimodzi, ndipo mtsukowo ukapanda madzi palibenso chozizira. Munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa lotere amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena kuposa pamenepo. Panjinga pali msampha wina: mphepo imaumitsa thukuta likangotuluka, ndiye mumaona malaya ouma n'kumati zinthu zili bwino. Tayang'anani kumsana kwa malaya anu madzulo, mupeza mizere yoyera. Umenewo ndi mchere wa m'thupi mwanu. Mukafuna umboni wina, kwerani pasikelo ya ogula mbewu m'mawa ndi madzulo. Kilogalamu iliyonse imene yachoka tsiku limodzi ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi imene simunabwezere.

Tsono nkhani ya chibayoyi. Ndimaimva kwa alimi, kwa amabwato, kwa anyamata a mpira, ndipo imandipweteka mtima chifukwa imapanikiza anthu olimbikira ntchito. Akuluakulu a pasitejiwo ndimawalemekeza, misewu ya kumeneko amaidziwa kuposa ine, koma pamenepa analakwitsa. Chibayo chimayamba ndi tizilombo, mabakiteriya kapena mavairasi, timene timalowa m'mapapo kudzera mumpweya umene timapuma. Madzi amene mwamwa amatsikira kummero n'kukathera m'mimba, m'mapapo safikamo. Akhale ozizira, akhale ofunda, mukhale ndi thukuta kapena ayi, sangasanduke tizilombo. Amene timawagoneka m'chipatala ndi chibayo ambiri ndi ana aang'ono, okalamba, ndi anthu amene chitetezo chawo cham'thupi chatsika. Amabwera akutsokomola, akutentha thupi, akubanika popuma.

Ndikudziwa kumene chikhulupiriro chimenechi chimachokera. Munthu amapirira ludzu kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko, kenako akapeza madzi amagugudiza botolo lonse nthawi imodzi n'kudumphiranso panjinga. M'mimba mumadzaza, pansi pa nthiti pamabaya, ndiye amati eya, chayamba. Ululu umenewo umatha pakapita kanthawi, alibe chifuwa, alibe kutentha thupi. Cholakwika ndi kamwedweko. Za miyendo yolemera nazo n'zozondoka. Madzi akachepa m'thupi magazi oyenda m'mitsempha amachepa, mtima umagunda mothamanga kuti agawike kuminofu, kukhungu ndi kuubongo, ndiye miyendo imafooka, mutu umawawa, mukaimirira m'maso mumada. Chimene mukupewa kuti miyendo isalemere ndicho chikanaipeputsa.

Ndiye imwani, koma pang'onopang'ono. Yambani kunyumba ndi makapu awiri musananyamuke. Mangani botolo la malita awiri panjinga, likulungeni m'chiguduli chonyowa kuti lisatenthe, muzimwa pafupifupi kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse pamene mukupalasa, osadikira ludzu. Musapitirire lita imodzi ndi theka pa ola, chifukwa madzi okhaokha ochuluka kwambiri amasungunula mchere wotsala m'magazi, nazonso n'zoopsa. Mcherewo mubwezere ndi chakudya. Musamatuluke chopanda kanthu m'mimba, ndipo nsima yamasana ndi ndiwo zothira mchere musamaidumphe pofuna kupulumutsa ndalama. Thobwa ndi wabwino. Tsiku limene mwatuluka thukuta kwambiri kapena minofu yayamba kukokana, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi. Ikasowa, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Madziwo akhale a pamjigo, owiritsa kapena othira klorini, poti kutsegula m'mimba pamwamba pa vuto lanuli kungakugwetseni tsiku limodzi. Mowa wamadzulo umawonjezera kutaya madzi, ndipo zakumwa zam'zitini zimene amati n'zopatsa mphamvu zimangothamangitsa mtima umene watopa kale. Muyeso wanu ukhale mkodzo. Uzituluka kangapo patsiku, wachikasu chotuwa.

Katundu wolemera musamutsireni kum'mamawa, dzuwa lisanakwere, kapena chakumadzulo. Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko ndi nthawi yoipitsitsa. Ndikudziwa kuti kasitomala sasankha ola, ndipo kukuuzani kuti muzigona masana onse n'kuyankhula ngati sindikudziwa za ngongoleyo. Koma maulendo ataliatali a masana akaneni, ndipo pakatha ulendo uliwonse khalani pansi pamthunzi mphindi 10 kapena 15, thirani madzi kumutu ndi m'khosi, nyowetsani malaya ndi chipewa. Valani malaya owala, osathina. Mukadwala kapena kupuma masiku angapo, musabwerere ndi mphamvu zonse tsiku loyamba, pakuti thupi limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowerenso kutentha.

Za mnzanu uja, munthu wogwa padzuwa n'kuyamba kubwebweta timayamba taganiza kuti thupi lake latentha kudutsa madigiri 40 mpaka ubongo wasokonezeka. Palibe ufiti pamenepo, ndipo nthawi imene anthu amataya pokangana za amene wamulodza ndi imene ubongo, impso ndi chiwindi zikuwonongeka. Matendawa amapha m'maola ochepa. Auzeni anzanu onse pasiteji: wina akagwa, akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira kapena kuchita ukali wosadziwika bwino, munyamulireni pamthunzi, muvuleni malaya, mukhuthulireni madzi thupi lonse, ozizira ngati alipo, kwinaku mukumukupiza ndi katoni kapena chitenje. Ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Musanyengeke poona kuti akadali ndi thukuta, ogwa ali pantchito ambiri amakhala nalo. Ngati wakomoka mugonekeni chammbali, musamumwetse kanthu angatsamwe. Panado satsitsa kutentha kwa mtundu umenewu. Pezani galimoto, muzimuthirabe madzi njira yonse mpaka kuchipatala, chifukwa malungo aakulu ndi kutsika kwa shuga m'magazi nazo zimaoneka chomwechi, ndipo kusiyanitsa kwake n'kuyeza basi.

Tsopano ndikudzudzuleniko pang'ono, achimwene. LA mwamwa kawiri osayezetsa. Kuyeza malungo m'chipatala cha boma n'kwaulere, amangobaya chala, zotsatira zimatuluka m'mphindi 20 zokha. Mutu uliwonse si malungo. Mankhwala a malungo malo ake si pashelefu ya golosale pamene akhala akuphikidwa ndi malata miyezi ingapo, osadziwika kuti anatha liti mphamvu. Ndalama munataya, ndipo masiku onsewo vuto lenileni limakula.

Brufen ndiye wandiopsa kwambiri. Iyeyu ndi abale ake, Indocid ndi diclofenac, amachepetsa magazi opita ku impso. Munthu amene ali ndi madzi okwanira m'thupi akamwa masiku ochepa nthawi zambiri sipakhala vuto. Koma impso zanu zikulandira kale magazi ochepa chifukwa cha kuuma kwa thupi, ndiye inu mukuzipanikizanso kawiri patsiku, kenako n'kukazikwezanso chitunda ndi thumba la makala. Mankhwalawa akubisanso mutu umene umakuchenjezani kuti pumani. Asiyeni lero. Ngati mutu wavuta usiku uno, imwani madzi ndi Panado monga mwa muyeso wake, basi.

Impso sizilira msanga. Zimatha kuwonongeka kwambiri munthu akuyenda bwinobwino. Ku Central America, m'maiko ngati Nicaragua ndi El Salvador, amuna ambiri odula nzimbe, ena achinyamata, apezeka ndi impso zowonongeka alibe shuga kapena BP, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene madokotala akuloza ndi kugwira ntchito yolemetsa pakutentha thupi likuuma tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu impso zikalephereratu, makina osefa magazi muyenera kukawapeza kuzipatala zikuluzikulu monga Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kawiri kapena katatu pasabata, ndipo malo ndi ochepa. Sindikunena kuti mwafika pamenepo. Ndikunena kuti panopa ndi pamene kuyeza kuli ndi phindu, chifukwa impso zovulala ndi kuuma kwa thupi zimatha kubwerera mwakale zikathandizidwa msanga.

Mkodzo wofiirirawo ukhoza kukhala wongokhuthala chifukwa chosowa madzi. Ukhozanso kukhala ndi magazi a likodzo, limene n'lofala kuchigwako kwa anthu osamba ndi kuwoloka m'madzi a m'madambo. Ukhozanso kukhala chizindikiro chakuti minofu yaphwanyika ndi ntchito ndi kutentha, zinyalala zake n'kumatsekereza impso. Zitatuzi chithandizo chake n'chosiyana, ndipo ine pakalata sindingazisiyanitse. Inunso simungazisiyanitse poyang'ana ndi maso.

Mawa m'mawa pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo musapalase nokha dzuwa litakwera, mnzanu akunyamuleni. Tengani buku lanu lachipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene mwakhala mukumwa, ngakhale opanda kanthu. Musakangonena kuti mutu ukuwawa, chifukwa pamzere wautali mukhoza kungopatsidwa Panado n'kubwerera. Kanenetseni kuti ndinu wakabaza, mkodzo wachepa ndipo wasintha mtundu, komanso mwamwa Brufen masiku angati. Pemphani akuyezeni malungo, BP mutakhala pansi komanso mutaimirira, shuga, ndi mkodzo. Funsani za kuyeza magazi koona mmene impso zikugwirira ntchito. Zipatala zazing'ono zambiri sizikhala ndi makina ake, ndiye akakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma, pitani tsiku lomwelo, musaipinde n'kuika m'thumba kudikira Lolemba. Ngati mumamwa mankhwala a BP, makamaka okodzetsa aja, kapena ma ARV, awuzeni adokotala kuti aone ngati pali choti asinthe. Musawasiye panokha.

Musadikire kuti kuche ngati usiku uno mwayamba kusanza chilichonse chimene mwamwa, ngati mwatha tsiku lonse osakodza ngakhale mukumwa madzi, ngati mkodzo wada kwambiri, nkhope kapena mapazi zatupa, mukubanika, kapena akunyumba akuona kuti mukuyankhula zosalongosoka. Awerengereni mayi akunyumba ndime imeneyi, chifukwa munthu amene wayamba kusokonezeka mutu sadzizindikira yekha.

Ndalama ya tsiku limodzi itayika, ndikudziwa, mwina ya masiku atatu ngati angakuikeni dripi kapena kukuuzani kuti mupume. Kambiranani ndi amene anakukongozani njingayo, musonyezeni zimene alemba kuchipatala. Akakuuzani tsiku lodzabweranso kudzayezanso impso, mudzapite ngakhale mutu utasiya kale. Ndipo ngati mnzanu uja anangodzuka n'kubwerera panjinga osaonedwa ndi dokotala, mutengeni mupitire limodzi, naye impso zake zikufunika kuyezedwa.