Mphatso ikachedwa m'banja la Akhristu

Mdzukulu wina wafunsa kuti: "Agogo, tatha zaka zitatu pabanja popanda mphatso. Azakhali a amuna anga akuti tilowetse fisi mwachinsinsi, kutchalitchi akuti tizingosala kudya. Kodi kupita kuchipatala n'kusakhulupirira Mulungu?"

Mdzukulu wanga, kusabereka si temberero. Luka 1 imanena kuti Zekariya ndi Elizabeti onse anali olungama pamaso pa Mulungu, komabe anafika pokalamba alibe mwana. Choncho uleke kufufuza tchimo lako. Pemphera, ndipo kuchipatala upite, ziwirizi sizilimbana.

Za fisi uzikane. Pachikhristu chimenecho ndi chigololo, ngakhale azakhali ndi ankhoswe atagwirizana, ndipo ndi njira yachidule yolowetsera HIV m'nyumba. Sarai anapereka Hagara kwa Abramu poganiza kuti akukonza zinthu, koma mimba itangooneka, mwano ndi nkhanza zinalowa pakhomopo.

Madokotala amayamba kufufuza banja likatha miyezi 12 likugonana mosadziteteza popanda pathupi, kapena miyezi 6 ngati mkazi wapitirira zaka 35. Inu nthawiyo inadutsa kale. Mupite nonse awiri, chifukwa pafupifupi theka la mavutowa amakhudzanso mwamuna. Ndipo ayambe ndi iyeyo, pakuti kuyeza umuna n'kosavuta kuposa zonse. Amakhala masiku awiri mpaka asanu ndi awiri osagonana, umunawo n'kuufikitsa ku labu pasanathe ola limodzi. Zotsatira zikaipa asathamangire kudzitcha gojo: malungo kapena kutentha thupi kumachepetsa mbewu kwa kanthawi, n'chifukwa chake amayezanso pakatha miyezi itatu. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni wakuti mbewu zilimo, ngakhale amuna ambiri safuna kumva zimenezi.

Iwe uzilemba m'kope tsiku lililonse limene wayamba kusamba. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe, ndipo limakhala lamoyo osapitirira tsiku limodzi, pamene mbewu ya mwamuna imatha kudikira masiku asanu. Amuna ako akamabwera kumudzi pakutha pa mwezi pokha, mwina mukungophonyana ndi dziralo. Msambo wodumphadumpha kawirikawiri umasonyeza kuti mazira sakutuluka bwino. Pamenepo dokotala angapereke mapiritsi a clomiphene akumwa masiku asanu kumayambiriro kwa msambo. Osagula wekha, amatha kutupitsa mabasiketi a mazira. Vuto lina ndi machubu odutsamo dzira popita m'chiberekero, otsekeka ndi zipsera za chinzonono, matenda ena opatsirana osachizidwa, ngakhalenso likodzo. Amawaona pa X-ray atathira madzi apadera m'chiberekero. Chubu chotsekeka sichitseguka ndi zitsamba zoika kumaso. Zimenezo zimangowonjezera zilonda.

Pamene mipingo imasiyana ndi pa IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu mu labu kenako n'kuika mluzawo m'chiberekero. Mwana woyamba wa njirayi, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978. Mpingo wa Katolika, m'chikalata cha Donum Vitae cha 1987, unaikana, pamodzi ndi mbewu kapena dzira la munthu wina ndiponso kubwereka chiberekero. Umati mwana azichokera m'kukumana kwa mwamuna ndi mkazi wake, komanso miluza yotsala, imene imaumitsidwa kapena kutayidwa, ndi anthu kale. Koma mankhwala ndi opaleshoni zothandiza thupi kugwira ntchito yake umavomereza. Mipingo yambiri ya Chipulotesitanti imalola IVF ngati dzira ndi mbewu ndi za eni banja. Ngati mpingo wanu umalola, mufunse dokotala musanalipire: apanga miluza ingati, aikamo ingati, yotsala ipita kuti? Mudziwenso kuti ndalama zake n'zambiri ndipo kawirikawiri siigwira ulendo woyamba.

Azakhaliwo asayankhidwe ndi iwe. Amuna ako ndiwo akawauze kuti nkhaniyi ili m'manja mwa inu awiri ndi dokotala, ndipo zotsatira za kuchipatala, kaya zaloza ndani, zisatuluke kuchipinda kwanu.