Kodi ma slug ndi oyenera pa mfuti yanu yampweya?

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kusiya mapeleti n'kuyamba kugula ma slug, zipolopolo zolemera za mfuti yampweya, kuti muthane ndi makoswe a m'nkhokwe, akhwangwala amene akukutherani anapiye, ndi ntchenzi zimene zikudula chimanga kudimba kwanu cha ku Katete. Musanatulutse ndalama, yang'anani kaye mfuti imene muli nayo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Peleti ili ndi chiuno chopyapyala ndi kasiketi kumbuyo, ndipo kaumbidwe kameneka ndi kamene kamaithandiza kupita molunjika ngakhale mfutiyo ikhale yofooka, kungoti kamaithera liwiro msanga. Slug ilibe chiuno, ndi yolemera, ndipo imaoneka ngati chipolopolo cha mfuti yaikulu. Kuti iwongoke, mizere ya mkati mwa paipi ya mfuti iyenera kuizunguza mokwanira, ndiponso iyenera kutuluka ndi liwiro la mamita pafupifupi 270 kapena 300 pa sekondi. Mphamvu yotere imapezeka pa mfuti za PCP, zija zimadzazidwa mpweya ndi pampu kapena botolo. Ngati yanu ndi ya sipulingi, yothyola pakati monga zilili mfuti zambiri kuno kwathu, ma slug asiyeni. Ine ndinawayesa pa mfuti yotero ya kalibala (kukula kwa bowo la paipi) ya .22, nditaimika katoni patsogolo pa chulu pamtunda wa mamita 25. Mapeleti asanu analowa pamalo amene ndinatha kuwaphimba ndi chitsekero cha botolo, koma ma slug asanu anamwazikana kuposa chikhatho changa, ndipo awiri anaboola katoniyo cham'mbali, kusonyeza kuti ankagubuduka m'mwamba.

Ngati muli ndi PCP yamphamvu, yambirani pa zopepuka. Mu .22 peleti yolemera ya kampani ya JSB imakhala magireni 18.13 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo), pamene ma slug a kampani ya H&N amayambira pa magireni 21 kupita m'mwamba, ndipo KnockOut ya JSB yodziwika kwambiri ndi ya magireni 25.39. Anthu ambiri amathamangira yolemera poganiza kuti ndiyo imapha bwino, koma mfuti ikalephera kuikankha imatsika msanga ndi kuphonya, komanso mpweya umatha mutangowombera kangapo. Samalaninso za kunenepa kwake, pakuti pachitini pamalembedwa .217 kapena .218, ndipo kusiyana kochepa kumeneku kumachititsa kuti mfuti ina ikonde iyi n'kukana inayo, ngakhale mfuti ziwirizo zikhale za kampani imodzi. Gulani kachitini kamodzi ka mtundu uliwonse, kapena mugawane ndi mnzanu, muyese pa mamita 30 kenako pa 50, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga. Posaka sankhani za kadzenje kumutu, chifukwa zimatambasuka zikalowa m'thupi ndipo nyama imafa msanga.

Ubwino weniweni wa slug umaoneka patali ndi pamphepo. M'mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala, pamene mphepo imakuntha m'minda yokololedwa kale, peleti imapatuka kwambiri ikadutsa mamita 50, koma slug imagwira njira yake. Ntchenzi ya kudimba, imene siilola kuti muiyandikire, ndiyo ingakupatseni chifukwa chogulira slug.

Koma za pakhomo ndikupemphani ndi mtima wonse kuti mukhalebe pa mapeleti. Khoswe wa m'nkhokwe mumamuwombera pa mamita 10 kapena 15, ndipo slug ikamulasa imapyola, n'kuboola nsungwi za nkhokwe kapena lata, n'kupitirira ikadali ndi mphamvu yovulaza munthu. Ikamenya mwala kapena nthaka youma ya chilimwe imanjanja n'kulowera kumene simunafune. Midzi yathu ndi yothithikana, ana amasewera kuseri kwa khola, ndipo mbuzi zimayenda paliponse. Pa chifukwa chomwechi, khwangwala amene wakhala pamwamba pa mtengo wa mango musamuwombere ndi slug, popeza mukaphonya imakagwa kutali kumene maso anu safika. Dikirani atere pansi pamene kumbuyo kwake kuli chulu kapena khoma ladothi.

Nyama imene mukufuna kudya, dulani ndi kutaya mnofu wonse wozungulira bala, chifukwa slug ya kadzenje imasiya tizidutswa ta mtovu, ndipo mtovu ndi woopsa makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Dziwaninso kuti kupha khoswe m'nkhokwe n'kosiyana ndi kukasaka nkhanga kutchire, kumene lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limafuna chilolezo chochokera ku Department of National Parks and Wildlife. Mukabwera ku Chipata, pitani ku ofesi yawo ndi ku polisi mukafunse za mapepala a mfuti yanu musanapite nayo kumunda, ndipo mutiuze pano dzina la mfutiyo ndi kalibala yake kuti tikuthandizeni kusankha kulemera koyambira.